Kachikwama ka mfuti ya Tiyamike

Lolemba

Ndili pakhonde ndikumata soli ya nsapato, watulukira Tiyamike, mdzukulu wanga wapolisi. Wanditulira kachikwama kachikopa kolowetsamo mfuti ya m'chiuno. Akuti anamusiyira ndi bwana wina amene anapuma ntchito, koma mfuti ya bwanayo inali yowonda. Yake ikungolowa theka, ndipo kalamba kotsekera pamwamba sikakufika pabatani. Lolemba likubwerali ayamba kuyenda nayo m'chigulu cha anthu ku depoti.

Ndati, bweretsa mfutiyo ndiyeze. Akuti, "Agogo, mfuti si phazi. Imagona ku ofesi." Wangondipatsa katoni pamene anaijambula mozungulira ndi pensulo.

Zaka makumi anayi ndikusoka nsapato muno mu Kawale, sindinabwezepo ntchito. Kachikwama n'chiyani? Ndi nsapato yopanda inzake basi.

Lachiwiri

Wosoka sagwira ntchito popanda chikombole. Ndapita ndi katoni ija kwa a Mbewe, kalipentala wa kuseri kwathu, andisemere mfuti yamtengo. Ndaipaka polishi wakuda. Kukongola kwake!

Ndawazembera nayo mayi a kunyumba akuchapa. Ndati, manja m'mwamba! Sanacheuke n'komwe. "Mukatha kundiombera mukatunge madzi."

Ndatunga.

Lachitatu

Nsapato ikathina, mankhwala ake ndimawadziwa. Zofunika:
nyemba zouma, kapu imodzi ndi theka
madzi
chingwe chomangira kukamwa
kudekha

Nyemba zikamwa madzi zimafufuma, chikopa n'kutakasuka chokha. Ndathira m'kachikwama kaja, ndamanga, ndakaimika m'chitini. Mayi akufunsa chifukwa chake ndiwo zachepa. Ndati zalembedwa ntchito ya boma.

Lachinayi

Mayo ine! Nyemba zagwira ntchito mopitiriza. Msoko waphulika, kafungo kake ngati mowa wolephera, nkhuku zikundilondola pabwalo ponse. Mfuti yamtengo ikungovina m'katimo ngati supuni m'kapu.

Ndiye pali china. A Mbewe andikumbutsa kuti Lachiwiri ndinawauza awonjezere chala chimodzi kutsogolo ndi m'mbali. Zoona, ndinatero. Dzanja linazolowera nsapato za ana asukulu, timasiya malo poti mwana akukula. Mfuti siikula, mkulu iwe! Ndiye kuti yeniyeniyo ingalowemo pamodzi ndi mng'ono wake.

A Mbewe aseka mpaka kukhala pansi pa utuchi.

Lachisanu

A Mbewe apala mtengo uja kubwerera pa mzere wa pensulo. Ine ndasokanso ndi ulusi wopaka phula, ndanyowetsa chikopa, ndalowetsa mtengo, ndayanika padenga.

Masana: sikutuluka. Ine kukoka chikwama, a Mbewe kukoka mfuti. Yatuluka, koma tonse awiri miyendo m'mwamba. Madoda a ndevu zoyera!

Ndakhala pansi kuganiza. Nsapato ntchito yake ndi imodzi, kugwira phazi. Kanthu aka kali ndi ntchito ziwiri zodana: kamvere mwiniwake msangamsanga, koma kakanize wina aliyense. Kadziwa bwanji kuti dzanja ili ndi la Tiyamike, ili ndi la mbava? Chikopa chilibe maso.

Ndapaka mafuta pang'ono, ndasuntha batani. Tsopano ikulowa bwino, ikutuluka bwino.

Loweruka

Tiyamike wabwera, wakamangirira pa lamba, walowetsa yamtengo ija. Mayeso:
kudumpha, siinagwe
kuthamanga mpaka pampopi, siinagwe
kuwerama, siinagwe
kusolola yekha, fyuu, yatuluka

"Agogo ndinu dolo!" Mtima wanga mbee.

Kenaka watembenuka kukalonjera agogo ake aakazi. Ine matenda anga aja a nthabwala andigwira. Ndanyang'ama kumbuyo kwake, zala ziwiri zokha, zomwezi za nyamakazi. Batani lamasuka lokha osalira n'komwe. Mfuti ili m'manja mwanga, iye akufunsabe za miyendo ya agogo ake. Sanamve kanthu.

Ndamugogoda nayo paphewa. Waseka mpaka misozi. A Mbewe aseka. Mayi nawonso aseka, chinthu chosowa.

Ine amene ndinayambitsa nthabwalayo, kuseka kwandikanika. Nkhalamba yoyenda ndi ndodo yalanda wapolisi mfuti. Nanga anyamata a ku depoti aja, amene amakuchotsa foni uli pakati poyankhula?

Ndamuuza asiye kachikwamako, ndikapukute kaye.

Lamulungu

Kutchalitchi ulaliki sindinaumve. Maso anali pa ziuno za anthu potuluka pakhomo, mmene timakhudzirana mothithikana osadziwa kuti wakugunda ndani.

Nditafika kunyumba ndatenga mpeni wodulira soli. Ndadula kachikwama kaja pakati, kuti pasapezeke wokavala.

Tiyamike wabwera madzulo kudzatenga. Wayang'ana zidutswa ziwirizo nthawi yaitali. "Agogo, nthabwala zinazi. Mawa ndivala chiyani?"

Ndati si nthabwala, mwana wanga. Ndalephera. Ukawauze akuluakulu ako akupatse kake kenikeni ka mfuti imeneyo, kopangidwa ndi anthu oidziwa. Ukapanda kukapeza, uyende ndi ndodo ngati kale.

Wapita osatsanzika bwino. Tiyi wake wazizira patebulo.

Pofika mawa a Mbewe akhala atauza Kawale yense kuti mkulu uja wabweza ntchito. Auzeni, a Mbewe. Nsapato ndikalakwitsa, mwiniwake amabwera akutsimphina kudzanditukwana, ine n'kumuseka, n'kukonza. Ichi ndikanalakwitsa, sakanabwera.