Mowa wa Asewere

Lolemba

Mabotolo asanu afika. Wabwera nawo ndi Brian, mnyamata wachizungu amene akufuna kukwatira mwana wanga Tadala. Akuti achokera kwa bambo ake, a Walter, asewere anga a mawa. Bambowa anakhalako ku Belgium pa ntchito, ndiye pano amafulula okha mowa wa kumeneko m'galaja mwawo ku Falls Church, tauni ina kunja kuno. Bambo wamkulu, wandevu, kumafulula mowa! Kwathu ndi ntchito ya azimayi.

Pempho lawo ndi ili: ndizilawa botolo limodzi tsiku lililonse, ndizilipatsa nyenyezi, imodzi mpaka zisanu. Loweruka tikadye kwawo, ndikanene umene wandikomera. Umenewo ndiwo udzamwedwe pa chinkhoswe.

Brian wafotokoza zambiri, mothamanga, zotulukira m'mphuno. Ine ndangoti yes, yes.

Tadala potuluka: "Adadi, please, musakandichititse manyazi."

Mawu amenewa akundidya. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4. A Walter ankagwira ntchito ku banki yaikulu. Tikakambirana chiyani? Koma mowa wokha ndimaudziwa, ndine Mngoni wa ku Ntcheu. Ngati pali pamene ndingaoneke munthu pamaso pawo, ndi pamowa.

Zondidetsa nkhawa:
amake Tadala safuna mowa m'nyumba
BP yanga
akumpingo akamva?
nanga ndikasankha woipa?

Botolo loyamba ndalawira kubafa, chitseko chokhoma. Kuliyang'ana pa getsi, pansi pali nsenga. Mtima wakhala pansi. Mowa weniweni, m'bale wake wa masese! Ndakhutchumula bwinobwino monga timachitira, kuti zabwino zisatsalire pansi. Kutsegula, phwaa! Thovu mpaka pagalasi. Watsala wa pansi pokha.

Kakomedwe: kuwawa. Ngati wina wafinyira nimu m'thobwa.

Nyenyezi: zisanu. Munthu wakupatsa ndi manja awiri, ungamupatse ziwiri?

Lachiwiri

M'kamwa mukuwawabe. Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Rockville, agogo ena amene ndimawasambitsa andifunsa ngati ndikudwala dzino.

Ndafunsa a Mwale, mnzanga wa ku Zambia, amene amadziwa zachizungu. Akuti chowawacho ndi timaluwa tina totchedwa mahopu, ndipo amathiramo dala. Dala! "Mudala, bazungu bamalipila kuti vibabe." Ndiye kuti ziwawe. Akutinso odziwa mowa sanena kuti wakoma. Amayamba anunkhiza, ayang'ana kumwamba, kenako n'kutchula chipatso.

Botolo lachiwiri. Lero ndachenjera, ndatsegulira m'beseni. Laphulikanso, koma mowa sunatayike, ndatunga ndi kapu.

Kununkhiza: sopo. Beseni ndi la zochapa.
Chipatso: palibe. Ndayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Mwina makoko a lalanje, koma ali kutali.
Nyenyezi: zisanu.

Amake Tadala: "Kubafaku bwanji kukununkha ngati pa shabini?"

Ndati mwina ndi mapaipi.

Lachitatu

Tulo palibe. Bwanji mabotolo onse akuphulika? Mwina mowa wa a Walter ndi wowonongeka, eni ake sakudziwa. Nanga alendo akadzatsegula m'mimba pa chinkhoswe? Ndiwauze? Koma munthu sungayambe chibale ndi mawu oti mowa wanu ukuphulika. Mwina ku Belgium ndi mmene umakhalira. Mwina n'chifukwa chake mabotolo ake ndi okhuthala.

Botolo lachitatu ndaliphimba ndi thawulo. Thawulo lamwa wambiri kuposa ine.

Uwu ndi wina. Wooneka ngati uchi, wowawa ngati kwinini, ndipo sukhutitsa. Masese umamwa chipanda chonse, mimba n'kudzaza, miyendo ili yako. Uwu theka la kapu, maondo achoka. Ndapezeka ndikuimba nyimbo ya ingoma nditakhala m'mphepete mwa bafa.

Chitseko ndinaiwala kukhoma.

Amake Tadala aima pakhomo, ayang'ana ine, ayang'ana beseni, ayang'ana thawulo. Ndi lija la alendo. "Mapaipi aja ndi amenewa?"

Nyenyezi: ndalemba zinayi. Ndafufuta. Angakhumudwe. Zisanu.

Lachinayi

Amake Tadala sakundilankhula. Tiyi ndaphika ndekha.

Ndaimbira Tadala kuti ndimufunse za kuphulikaku. Wayankha ali kwa telala, akuyesa diresi, mawu ake okondwa. "Zikuyenda ndi mowa, adadi?" Ndati zikuyenda. Ndingamuuze bwanji kuti bambo ake, Mngoni, botolo likuwakanika? Ndikanafunsa! Funso limodzi lokha.

Kubafa andiletsa, ndiye botolo lachinayi ndatsegulira pakhonde, poti timakhala m'nyumba ya pamwamba. Thovu ladutsa zitsulo za khondelo n'kugwera pansi, pa njinga ya mwana wa aneba. Ndagwada kuti asandione. Ndamwa chogwada.

Kakomedwe: wowawa, koma kuwawa kwake ndi kwina. Umayamba ngati ukufuna kukoma, kenako n'kusintha maganizo.
Chipatso: ndayesa kuganiza za masuku. Wakana.
Nyenyezi: zisanu.

BP ndayeza kawiri. Kachiwiri yakwera chifukwa cha koyamba.

Lachisanu

Botolo lomaliza. Kuphulika: monga mwa masiku onse. Kuwawa: lilime latopa, silikudandaulanso.

Tsopano vuto lenileni. Onse asanu ali ndi nyenyezi zisanu. Ndipo timapepala ta pamabotolo tinamatuka m'beseni, sindikudziwa uti ndi uti. Mlungu wonse wa kuwawa, mkazi wokwiya, thawulo lotha ntchito, yankho palibe!

Ndasankha wachitatu. Uli pakati, sukhumudwitsa aliyense.

Ndayeserera pagalasi: kununkhiza, kuyang'ana kumwamba, "number three, orange." Zikuoneka ngati za munthu wophunzira.

Amake Tadala asita jekete langa. Posiya pabedi: "Muzikangomwetulira basi. Manja m'thumba."

Loweruka



Poyamba zonse bwino. Nyumba yaikulu, mitengo, galu waulemu. A Walter atilandira ndi manja awiri. Akazi awo, a Susan, aphika nkhuku. Titadya afunsa za mowa. Ndanunkhiza kapu, ndayang'ana kumwamba, ndanena mawu anga aja. A Walter aomba m'manja! Akuti umenewo ndi umene amaukonda iwonso. Andikumbatira. Tadala wandiyang'ana ndi maso amene sanandiyang'anepo nawo chikulireni.

Pamenepo ndikanapempha njira. Ndikanati mutu ukuwawa. Ndikanati chilichonse!

A Walter atsikira kuchipinda cha pansi, abwera ndi botolo lalikulu, lafumbi, lotseka ndi chitsekerero chomanga ndi kawaya. Alinyamula pang'onopang'ono ngati khanda. Tadala wandimasulira: analigula ku Belgium kalekale, akhala akulisunga kudikira tsiku limene Brian adzapeze mkazi. Ndipo ulemu wotsegula akupereka kwa ine, bambo a mkwatibwi.

Brian wamasula kawaya n'kundipatsa. Kuyang'ana pansi, nsenga zochindikala ngati chala! Ndawamvera chisoni. Zaka zonsezi osakhutchumula, zabwino zonse zagona pansi. Ndapempha beseni, palibe wamva. Ndaimirira. Ndagwira ndi manja awiri. Ndakhutchumula ndi mtima wanga wonse.

Tadala wakuwa: "Daddy, no!"

Phuu! Chitsekerero chaswa getsi la pamwamba pa tebulo. Mowa padenga, pa makatani, pa nkhuku yotsala, m'tsitsi la a Susan. Galu wathawa. Ine ndili chiimire, botolo likusanzabe m'manja mwanga, ndikusakasaka poliloza. Paliponse pamene ndaloza pali munthu.

Kenako madontho okha kuchokera padenga.

A Walter andilanda botolo mwaulemu. Afotokoza mofatsa, Tadala akumasulira maso ali pansi. Mowa umenewu sakhutchumula. Amathira pang'onopang'ono, nsenga n'kuzisiya m'botolo. Amazitaya. Ndiye kuti mlungu wonse ndakhala ndikutaya mowa n'kumamwa zotaya.

Watsala wosakwana kapu, wamatope. A Walter augawa m'timatambula tiwiri, kamodzi andipatsa. Tamwa awiriwiri, chiimire, nsapato zikumata pansi. Sanakalipe. Bola akanakalipa.



Lamulungu

Kutchalitchi ndapita, koma ulaliki sindinaumve. Tadala sanabwere.

Ndamulembera uthenga kuti ndikufuna kukapenta denga la asewere, penti ndigula ndekha. Wayankha mawu awiri: "Ayi, adadi." Ndawawerenga kambirimbiri. Sindikudziwa ngati ndi ayi waukali kapena ayi wotopa.

Madzulo waimba, koma waimbira amake. Ine ndimamvera kukhitchini, ndikunamizira kutsuka kapu. Chinkhoswe chilipo, sichinasinthe. Mowa ndi wachitatu womwe uja. A Susan tsitsi akakonzetsa mawa. A Walter akuti sanakwiye, koma botolo lopanda kanthu lija alitsuka n'kuliika pashelefu, ndipo akumaliyang'ana.

Ntchito zagawidwa. Mabotolo onse adzatsegula Brian. Zakudya, amake Tadala ndi anzawo akumpingo. Ine andipatsa mipando. Kuyala, ndi kuchotsa anthu akapita.

Ndavomera. Ndinkafuna ndikaoneke munthu pamowa, ndikaonekera pamipando.

Ndafunsa amake Tadala ngati ili yopinda ija, imene imapana zala.

Akuti ndi yomweyo.