Wotchi ya Bambo pa Tebulo la a Sindine

Alamu anga okonza mawotchi, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Sindine, sankavomereza kuti munthu amachita kanthu mwa kufuna kwake. Kwa iwo tonsefe tinali mawotchi: kawilo aka kakankha ako, ako kakankha kena, kuyambira tsiku limene dziko linayamba. Akaponda munthu phazi ankangoti, "Sindine, ndi timawilo ta m'mutumu."

Achemwali anga, akazi awo, anayesapo kuwabwezera. Tsiku lina sanaphike.

"Chakudya chili kuti, mayi?"

"Timawilo tanga takana."

"Ndinadziwa," anatero alamu, n'kugona ndi njala akumwetulira ngati apambana mlandu.

Aphunzitsi a sayansi ankabwera Loweruka lililonse kudzatsutsana nawo. Ankati tinthu ting'onoting'ono ta m'chilengedwe timadumpha mwachisawawa, palibe angalosere.

"Ndiye kuti ndine maere, aphunzitsi. Maere amasankha?"

Aphunzitsi ankachoka mitsempha ya m'khosi itaima.

Zonsezi ndikanaseka nawo pakanapanda wotchi ya malemu bambo anga, chinthu chokhacho chimene anandisiyira. Ndinangoipititsa kuti aisinthe lamba. Mkangano wawo ndi aphunzitsi utafika pachimake, alamu anaimasula yonse kuti aphunzitsi aone ndi maso. Timawilo tinathera m'kachitini ka mafuta opaka nsapato, ndipo tinakhala momwemo zaka khumi ndi chimodzi.

"Alamu, wotchi ija?"

"Ikadzafika nthawi yake, manjawa adzaigwira."

"Manjawo ndi a ndani?"

"Funso labwino limenelo, khalani pansi."

Sindinkakhala. Ndinawakalipira, ndinawanyengerera, ndinasiya kuwapatsa moni chaka chathunthu. Iwo ankauza anthu kuti sakundiimba mlandu, poti nanenso ndinali wotchi. Palibe chinkandipsetsa mtima ngati kukhululukidwa ndi munthu amene wandilakwira.

Alamu atamwalira, maliro atatha, achemwali anandipatsa kiyi wa kachipinda kawo kogwirira ntchito. Kachitini kaja ndinakapeza kopanda kanthu. Wotchi inali m'kabati, yokulungidwa m'mpango, ndi lamba watsopano. Nditaipukusa inayamba kugunda. Achemwali anati alamu anaikonza miyezi itatu, manja akunjenjemera ndi matenda, kawilo kakagwa n'kumakafunafuna chokwawa.

Loweruka aphunzitsi amaimabe pakhomo lotsekalo, mfundo zili m'kamwa, wowatsutsa palibe. Ine ndimawasowa alamu, ndipo mkwiyo sunathe, chifukwa anadikira kuti ndisathe kuwayankha. Kapepala kamene anasiya m'mpangomo kanali ndi mzere umodzi: "Pepani, alamu. Apa ndine. Aphunzitsi musawauze."