Sabata Imene Ndinawamba Gitala

Lolemba, 7 Ogasiti 1995

Ndagula gitala! Ndilembenso kuti ndione bwino mmene zikuonekera papepala: ndagula gitala.

Ndalawirira ku Nathenje panjinga, ndalama za fodya zili m'sokosi. Pobwera ndaibereka kumsana ngati mwana, ndipo pamsika wa Mitundu ndadutsa kawiri. Kachiwiriko ndinalibe chogula.

Ubwino wake:
ndi yofiira ngati tomato;
ikuwala moti ndikudziona mano;
nsambo zisanu ndi imodzi, zonse za kufakitale, osati mawaya a buleki ya njinga;
m'kati muli kapepala ka zilembo zoti ngakhale aphunzitsi sangawerenge;
K380 basi! M'tauni ina ndinaiona pa K3,000.

Mwini sitolo akuti, "Ndi imodzimodzi, bwana. Enawo mumangolipira dzina." Anali ataipachika pakati pa mabeseni ndi maambulera.

Ng'oma ndasiya. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuimbira chimtali amayi a chipani, padzuwa, fumbi lili m'mphuno, malipiro ake sikono imodzi. Chipanicho chinatuluka m'boma chaka chatha, koma ine dzina linandikanirira: a Ng'oma za Chipani. Zinthu zasintha, nanenso ndisinthe. Ng'omayo ndinaipereka kale yaulere kwa anthu a ku Diamphwe kuti ndisamaione.

Loweruka ndi ukwati wa mlongo wanga Esinati. Mwamuna wake ndi dalaivala wa ku Kawale, abale ake ndi anthu a m'tauni. Ndamulonjeza kuti polowa m'bwalo adzalowa ndi gitala yeniyeni, woimba ndine. Wavina pomwepo, ndipo watumiza kale uthenga ku Kawale. Gitala sindinaigwirepo chibadwire, koma woimba ng'oma khutu ali nalo kale.

Chimodzi chokha chikundilasa mumtima. Pachigayo ndakumana ndi alamu anga a Lesitala, alongo ake a mkazi wanga, amene amaimba banjo ya chigubu cha mafuta m'maukwati onse kuno. Ndati, "Alamu, Loweruka chigubu chanu chitsale kunyumba, musatichititse manyazi pamaso pa alendo." Panali anthu, ndipo anthuwo aseka. Iwo angoti, "Chabwino, alamu," n'kusenza thumba lawo la ufa. Bola akananditukwana.

Lachiwiri, 8 Ogasiti

Zala zikuwawa.

Nsambo zatalikirana ndi khosi la gitala moti chala changa chaching'ono chikulowa pansi pake n'kutsalanso malo. Kuti ndikanikize imodzi ndikuchita kulumira mano. Ndikakunga yoyamba, yachitatu ikukhwefuka. Ndikakunga yachitatu, kachikhomo ka yachisanu kakubwerera kokha, pang'onopang'ono, ine ndikuona.

Utoto ukuchoka! Shati yanga yoyera, imene ndimati ndidzavale Loweruka, yafiira pamimba ponse. Mkazi wanga, mayi a Tadala, angoiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwapha nkhuku ya yani?"

A NaBanda a kuseri abwera akuthamanga kudzafunsa ngati mbuzi yathu yakodwa m'chingwe. Ndawauza kuti ndikuyesa nyimbo ya ukwati. Akuti, "Pepani."

Ndasamukira kuchigafa cha fodya, kutali ndi makutu a anthu.

Nyimbo zimene ndadziwa lero: palibe.
Matuza m'zala: anayi.
Masiku otsala: atatu.

Dera lonse lino munthu wodziwa kukunga nsambo ndi mmodzi yekha. Dzina lake sindilemba.

Lachitatu, 9 Ogasiti

Ndapita kwa a Lesitala kukabwereka pampu. Gitala inangopezeka ili kumsana. Pampu yanga inali panjinga pomwepo, ndipo iwo aiona.

Angotambasula dzanja, ine n'kuwapatsa gitala. Aiyang'ana m'litali, diso limodzi atatsinzina, ngati kalipentala poyesa thabwa. Akuti, "Khosi ndi lopindika. Thabwa lake ndi la bokosi la tiyi. Koma nsambo ndi zabwino." Akhomera timitengo ta machesi m'tizikhomo kuti tisamabwerere, apotoza apa, apotoza apo, kenaka aikhudza.

Mayo ine! Gitala yanga yomweyi yalira. Akazi awo asiya kusinja, aima musi uli m'manja. Ine ndanyada kanthawi kochepa, kenaka ndakumbukira kuti akuimba si ine, ndi munthu amene ndinamunyoza pachigayo. Manyazi andigwira mpaka kumakutu.

Pondibwezera akuti, "Yotchipa imalira ndithu, alamu, koma imafuna kuinyengerera. Muziisunga pamthunzi. Isaone dzuwa, isaone moto."

Apa ndimayenera kupepesa. M'malo mwake ndati, "Zimenezo ndikuzidziwa." Ndanyamuka, pampu osatenga.

Msewu wa mabampu wafafaniza ntchito yawo yonse. Pofika kunyumba yabwerera ku kulira kwa mbuzi.

Esinati wabwera kudzamva nyimbo yake. Ndamuuza kuti mkwati saimva nyimbo yolowera tsiku lisanafike, ndi mwambo. Mwambowu ndaupeka ine pomwepo. Iye wakhulupirira, wati, "Achimwene, inu nokha ndi amene mumandiganizira." Ndalephera kumuyang'ana kumaso.

Lachinayi, 10 Ogasiti

Sindikufuna kulemba. Koma ndilembe, mwina mtima ungatsike.

M'mawa kukuzizira, mwera ukuomba. Gitala ikulira ngati ili ndi chimfine. Kwa amayi, azimayi ayamba kuphika thobwa la ukwati, migolo iwiri ili pamoto. Ine ndikuyang'ana motowo, ndikuyang'ana gitala.

Mwana aliyense kuno amadziwa kuti ng'oma ikazizira umaiwamba pamoto. Umaiyandikiza, n'kugogoda ndi chala, n'kuiyandikizanso, mpaka mawu akwere. Ine ntchito imeneyi ndaigwira zaka khumi ndi ziwiri osang'amba chikopa ndi chimodzi chomwe. A Lesitala anati isaone moto, inde, koma munthu wa zigubu angadziwe chiyani za thabwa? Ndimo mmene ndimaganizira. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndapita. Azimayi andipatsa malo mwaulemu. Ndiyandikiza, ndigogoda. Ngati mawu akukwera. Ndiyandikizanso. Kafungo. Utoto ukuchita matuza. Ndikuti bola ndiitembenuze, ndiye:

Thaa!

Kathabwa kamene nsambo zonse zimamangirirapo kamatuka, n'kudzandimenya pamphumi, nsambo zili lendelende. Kapulasitiki koyera kamene kanali pamwamba pake kauluka n'kugwera mu mgolo wa thobwa. Azimayi atatu akavuula ndi mithiko. Kapezeka katapindika ngati nyemba.

Amayi akuti, "Mwana wanga, gitala amaiotcha ngati chimanga?"

Mayi wina amene ndinkamuimbira chimtali masiku aja akuti, "A Ng'oma za Chipani, manja saiwala!" Azimayi aseka mpaka ena kukhala pansi.

Esinati sanaseke. Sanalirenso. Anali ndi sefa m'manja, wangoiika pansi n'kulowa m'nyumba. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, ndipo mtengo wake lero ndi iyeyo, amene anatumiza kale uthenga ku Kawale.

Pamphumi pali chotupa ngati dzira la nkhanga.

Lachisanu, 11 Ogasiti

Zimene ndayesa kumatira kathabwa kaja:
phula la ng'oma (lagwira mpaka ndawerenga zitatu);
ulimbo (wagwira nthenga, fumbi ndi mkono wa shati, kathabwa ayi);
sulushoni wa njinga (fungo lokha);
misomali iwiri (pamimba pang'ambika).

Mong'ambikamo ndaona mmene anaipangira. Timatabwa topyapyala tomatikiza, tikusendeka ngati anyezi. Chikomekome cha mkuyu!

Ndapalasa mpaka ku Nathenje kuti akandisinthire. Mwini sitolo wainunkhiza n'kufunsa kuti, "Mwaiphika kapena mwaiotcha?" Wandilozera chikwangwani chakuti katundu akatuluka sabwerera. Lolemba lija chinabisika kuseri kwa maambulera. Ndayesa kukweza mawu, ndati anandigulitsa chinthu chachabe. Iye akuti, "Bwana, pa K380 mumafuna yosapsa?" Oitanira minibasi anali atadzaza pakhomo. Mmodzi wandipempha kuti ndiwaimbireko kamodzi.

Choipa n'chakuti mwini sitoloyo sakunama. Gitalayi inalira Lachitatu, ndinaimva ndi makutu angawa. Wachabe si gitala.

Pobwera sindinadutse pamsika wa Mitundu. Ndazungulira kudambo, gitala ili m'thumba la feteleza, khosi lokha likusuzumira.

Ndalunjika kwa a Lesitala. Ndavula chipewa ndili kutali. Ndati, "Alamu, pakamwa panga panalakwa. Mawa mubwere ndi banjo."

Ayang'ana chotupa changa.

"Chigubu chija?"

"Chomwecho, alamu."

"Sichikuchititsani manyazi pamaso pa alendo?"

Ndayang'ana pansi. Nyerere zinali kukoka chiwala, ndipo ndinachisirira chiwalacho.

"Ndibwera chifukwa cha Esinati," iwo atero. "Ndipatseni nsambozo."

Ndazimasula ndekha, imodziimodzi.

Loweruka, 12 Ogasiti

Cholinga changa chinali chonyamula mipando n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Chalephereka nachonso.

Titangochoka kutchalitchi, alendo a ku Kawale ayamba kufunsa kuti, "Achimwene a gitala aja ali kuti?" Amayi andituma kuti ndikaitenge. Akuti, "Aione ndi maso, asamati mbumba ino ndi ya mabodza." Ndiye ine uyo pambali pa bwalo: shati yobwereka, chotupa pamphumi, gitala yopanda nsambo m'manja, mbali imodzi yakuda ndi utsi.

A Lesitala ayamba. Chigubu chomwe chija, koma ndi nsambo zanga zinayi. Kulira kwake ngati pawailesi! Alendo atembenuka onse.

Esinati akulowa, azimayi ali pambuyo pake. Koma mapazi sakugwirizana. Wina akuponda msanga, wina mochedwa. Palibe ng'oma. Ng'oma ya mudzi uno ili ku Diamphwe, woipereka ndine. Esinati waima pang'ono pakati pa bwalo, anthu onse akuona, n'kundiyang'ana.

Sindinaganize. Manja achita okha. Ndaitembenuza gitala, ndaipana ndi maondo, ndayamba kuimenya kumsana.

Ikulira! Bokosi la tiyi lija likulira! Pakati mawu aakulu, m'mphepete aang'ono. Mapazi agwirizana, nthungululu, fumbi kobo. Esinati walowa monga mmene mkwati amayenera kulowera.

Kenaka woyendetsa mwambo wakuwa kuti, "Zinthu zasinthadi, abale! A Ng'oma za Chipani agula ng'oma yokhala ndi khosi!" Bwalo lonse lagwa ndi phwete, a ku Kawale omwe. Dzina limene ndimalithawa tsopano lafika m'tauni. Azakhali ake a mkwati wamwamuna andifunsa mwaulemu kuti ng'oma zamakonozi zimagulitsidwa kuti. Ndati ku Nathenje, pafupi ndi mabeseni.

Asanakwere galimoto, Esinati wandikokera pambali. Akuti, "Achimwene, ndalowa bwino, zikomo. Koma Lachitatu lija mukanangondiuza kuti simutha. Ine ndimafuna inuyo, osati gitala."

Ndikanakonda kathabwa kaja katandimenyanso.

Lamulungu, 13 Ogasiti

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Abusa polalikira za kudzikuza sanatchule dzina, koma mitu inayi inatembenuka.

Zimene ndatsala nazo:
gitala yopanda nsambo, imene anthu akuitcha ng'oma;
nsambo ziwiri zimene a Lesitala sanazifune;
shati yofiira pamimba;
chotupa, chayamba kuphwa;
dzina lija, lawonjezera khosi.

Potuluka azimayi awiri andiimitsa. Mwezi wa mawa kuli ukwati wina kutsidya kwa dambo, akufuna ine ndi a Lesitala. Akuti, "Mubwere ndi ng'oma yofiira ija." Ndavomera. Nanga n'kutani?

Masana mayi a Tadala abwera kuchokera kwa alongo awo atanyamula kanthu mu nsalu. Aika patsogolo panga, akudziletsa kuseka. Ndi chigubu cha mafuta, chotsukidwa bwino, ndi thabwa lowongoka la khosi, losemedwa kale.

"Akuti muyambire apa. Akuti mukabwere Lachiwiri ndi nsambo ziwiri zija, akakuphunzitseni kukunga."

Ndafunsa ngati anenanso china.

"Akuti ichi mukhoza kuchiwamba mmene mungafunire."

Ndachilandira ndi manja awiri. Lachiwiri ndipita, ndipo ndidzera pachigayo, chigubu chili poonekera.