Tsamba Langa Lokana Kudandaula

Patha sabata ziwiri ndisanalembe nkhaniyi ngakhale m'kabuku kanga, chifukwa ndikangogwira cholembera manyazi amandigwiranso.

Ku kalabu ya kompyuta pasukulu pathu, kufupi ndi Chamama, ndinapanga tsamba la pa intaneti lothandiza alimi a fodya. Wopambana amayenera kukaonetsa ntchito yake ku boma, ndipo ine ndinkafunitsitsa kupitako (sindinauze aliyense). Kuseri kwa tsambalo ndinaika timapulogalamu titatu tomwe aphunzitsi athu, a Nkhoma, amati ndi antchito: wowerengera mbande, wa feteleza, ndi woyeza kukula kwa chigafa. Amagwira ntchito osaoneka, ngati ine m'kalasi.

"Onse atatu akhale ndi khomo limodzi lodandaulira," anatero a Nkhoma. "Aliyense akalephera, uthenga uzitulukira pomwepo."

Khomolo ndinalipanga bwinobwino. Pa uthenga m'pamene ndinaima. Kwathu munthu ngakhale akunjenjemera ndi malungo, ukamulonjera amati ali bwino. Ndiye tsamba langa lizidandaula pamaso pa akuluakulu? Ndinalemba kuti, "Zonse zili bwino, zikomo." (Ndinkati ndi ulemu.)

Tsiku losankha wopambana makolo anabwera, ndipo a Nkhoma anaitana bambo anga kuti ayese. Pofunsidwa kukula kwa munda, iwo sanalembe nambala. Analemba mawu, chala chimodzichimodzi: maekala awiri. Koma antchito anga ankangomva manambala okha. Tsamba linayankha kuti zonse zili bwino, zikomo.

"Nanga mbande zingati, mwanawe?"

"Dikirani pang'ono, ababa."

Anayesa feteleza. Zonse zili bwino. Chigafa, chimodzimodzi.

"Makinawa ulemu ali nawo," anatero mayi wina kumbuyo, "koma angofanana ndi mkamwini wanga. Poyankha kukoma, khasu osaligwira."

Anthu anaseka mpaka bambo anga omwe. Ine ndinangoyang'ana nsapato.

A Nkhoma anawerama n'kundinong'oneza: "Walephera ndi uti?"

"Sindikudziwa, aphunzitsi."

"Onse atatu. Anadandaula ndithu, koma khomo lako lawatseka pakamwa. Unatero chifukwa chiyani?"

"Ndimaona ngati ndikuwaneneza."

A Nkhoma anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Ku boma kunapita mnzanga Tiyamike. Ine ndinatsala n'kukonza uthenga. Tsopano umatchula wantchito amene walephera ndi mzere wa pulogalamu umene wapunthwapo, mosabisa. Kumapeto kwake ndinangowonjezera timawu tating'ono takuti, "Koma sanachite dala." Timawuto a Nkhoma sanatione mpaka pano.