Nkhokwe Yolukira M'nyumba

Mpaka lero ku Golomoti kuli nkhalamba zina zimene zikandiona zimayamba zayang'ana denga la nyumba yapafupi, kenako n'kumaseka. Ndatopa nako kunamizira kuti sindikudziwa chimene chikuziseketsa, ndiye lero ndingoulula ndekha.

Zinachitika patangopita zaka zochepa chithere njala ya fote naini. Ine ndinali telala. Ndinkasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye pafupi ndi siteshoni ya sitima, tepi ili m'khosi ngakhale popita kokasamba (ndinkafuna aliyense adziwe kuti akudutsa apowa ndi munthu woyeza zinthu). Ndinali nditangokwatira aNangozo n'kulowa chikamwini kwawo, kuseri kwa siteshoni komweko. Nyumba za kumeneko zinali zothithikana moti ukayetsemula, wa nyumba yachitatu ndiye ankayamba kukufunsa za chimfine.

Apongozi anga aakazi njala ija inawasiya ndi mantha osatha. Chaka chimenecho chimanga chinabereka bwino, koma nkhokwe yawo inali itatha ndi chiswe. Mwamwambo ine ndi iwo sitinkayang'anana kumaso kapena kuyankhulana, ndiye akakhala ndi uthenga wanga ankauza nkhuku. Tsiku lina ndikusukusula ndinawamva akuwaza gaga pabwalo:

"Idyani nkhuku zanga, idyani. Chaka chino mudyera limodzi ndi chiswe, poti pakhomo pano mwamuna woluka nkhokwe palibe. Amene alipo ndi wa mabatani."

Wa mabataniyo ndinali ine. Ndinaopa, chifukwa chaka chinzakecho mwamuna wa akulu awo a aNangozo anali atamupindira mphasa yake n'kumuonetsa msewu, mlandu wake ulesi. Ine aNangozo ndinkawakonda zedi, ndipo za msewuzo sindinkazifuna.

Tsoka lake, nkhokwe ndinali ndisanalukepo chibadwire. Ndinachoka pasukulu ya mishoni ku Mua n'kugwera pamakina osokera. Ndikanatha kupempha aYusufu, anansi athu oluka miono ndi nkhokwe, koma pakamwa pawo panalibe chitseko. Nkhani ikawapeza m'mawa, masana inkakhala ili ku Mtakataka sitima isanafikeko.

Ndiye ndinaganiza zanzeru (panthawiyo zinkaoneka zanzerudi). Ndinati ndilukira m'nyumba, chitseko chili chotseka. Ndikalakwitsa ndiziphwasula popanda wondiseka, ndipo ikatha ndidzangoitulutsa, anthu kukamwa yasa.

Ndinatenga tepi n'kuyeza nkhokwe yakale ija: m'lifupi, msinkhu, mipata ya nsungwi, zonse ndinalemba m'kabuku ka miyezo ya makasitomala, pansi pa thalauza la aphunzitsi ena. Nsungwi ndinkalowetsa pang'onopang'ono, ndikumauza anthu kuti ndikukonza denga. Kenako ndinakumba timaenje mozungulira pakati pa nyumba, pansi pamene aNangozo anali atangozira kumene.

"Inu, mukudziwa chimene mukuchita?" anandifunsa.

"Munthu wosoka jekete la ukwati angalephere dengu lalikulu?" ndinayankha choncho.

Anangoti, "Chabwino," n'kusuntha mphasa.

Masabata awiri ndinkaweruka msanga n'kudzitsekera. Kutentha kwa ku Golomoti mukukudziwa. Thukuta linkachita kuyenderera, nsungwi zikundicheka zala moti kuntchito singano inkandipulumuka. Ndinaphwasula katatu. Anthu atayamba kufunsa chimene ndinkabindikirira, aNangozo anati ndikudwala malungo. Apongozi, mwachifundo chawo, anayamba kutumiza chikho cha mankhwala a mizu tsiku lililonse, owawa ngati ndulu, ndipo ankadikira pakhonde mpaka chikhocho chituluke chopanda kanthu. Ndinamwa, abale. Munthu wabwinobwino ndinamwa zikho khumi ndi ziwiri.

Nkhokweyo inkakula, nyumba n'kumachepa. Kumapeto tinkagona mopindika m'mbali mwa khoma, miyendo ya aNangozo ili kuseri kwina, ine osaiona.

Koma inatha. Inali yokongola, yolukika mothina bwino, moti ndinaizungulira kangapo ndikuisisita. Lachisanu madzulo ndinatuluka chifuwa chili patsogolo, ndipo poona apongozi ali chapatali, nanenso ndinauza nkhuku:

"Nkhuku inu, mawa mudzaona zimene amachita wa mabatani."

Loweruka m'mawa tinaizula n'kuigoneka chammbali, kukamwa kwake kutaloza kukhomo. Ndinatsegula chitseko. Ndinayang'ana khomo, ndinayang'ana nkhokwe, ndinayang'ananso khomo. Tepi inali m'khosi momwemu. Ndinali nditayeza chilichonse padziko lapansi kupatula khomo la nyumba yanga.

"Simunayeze?" anafunsa aNangozo motsitsa mawu.

"Nanga inu bwanji osanena?"

"Ndimayesa atelala ali ndi njira yawo."

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ayi. Ndinachotsa chitseko, koma sizinathandize. Ndinauza aNangozo kuti atuluke azikakoka ali panja, ine n'kumanga kukamwa kwa nkhokweyo ndi chingwe kuti kufinyike. Ndinakankha ndi phewa, ndipo inalowadi pakhomo pang'ono. Kenako chingwe chija chinangoti phwi! Nsungwi zinadziwongola n'kuluma mafelemu. Kutsogolo osapita, kumbuyo osabwerera.

Ndinagwada kuti ndisuzumire kudzera m'kati mwake, ndione ngati aNangozo akukokadi. Kumapeto kwa mphanga imeneyo kunalidi nkhope, koma sinali ya aNangozo. Anali apongozi, chikho cha mankhwala chili m'manja, nawonso akusuzumira. Chikwatirire tinali tisanaonanepo maso ndi maso. Tsiku limenelo tinaonana mokwanira.

"Mayo ine!" anakuwa, akudziphimba kumaso ndi nsalu. Chikho chinagwa (chokhacho ndicho chinandikondweretsa tsiku lonselo).

Kukuwako kunaitana mudzi wonse. Woyamba kufika, mwadziwa kale, anali aYusufu. Anasuzumira, kenako anafunsa mwaulemu kwambiri:

"Atelala, malungo aja ndi amenewa?"

Panja panaphulika phwete. Ine ndinayankha ndili m'katimo kuti angondipatsa chikwanje ndiiduledule.

"Walahi, imeneyi sitidula," anatero. "Chimanga chili pansi. Tizula denga."

Madenga a nyumba zozungulira za masiku amenewo ankamangidwira pansi n'kukwezedwa, ndiye kutsitsa kwake kunali kotheka. Anasonkhana amuna oposa khumi, anamasula luzi, aYusufu n'kuyambitsa nyimbo yokokera khoka. Denga linanyamuka. Pamutu panga panagwa mwaye, zitsotso ndi khoswe mmodzi amene anadabwa ngati ine ndemwe. Ndinapezeka ndaima padzuwa m'nyumba yopanda denga, wakuda bii, tepi ili m'khosi.

Ngati kuti mboni zinachepa, nthawi yomweyo sitima yochokera ku Salima inaima pasiteshoni. Anthu anatulutsa mitu m'mawindo kuonerera nkhokwe ikubwezedwa m'nyumba, kenako n'kutulukira pamwamba pa khoma. Ine amene ndinkaopa maso a munthu mmodzi, ndinaonedwa ndi anthu opita mpaka ku Limbe.

Ataiimika pabwalo, aYusufu anaizungulira, akuibaya ndi chala, akuigwedeza. Ndinadikira chipongwe chomaliza.

"Koma yalukika," anatero. "Khoswe apa salowa. Munaphunzira kuti?"

Ine ndinangoyamba kudzisasa mwaye. Madzulo ake, denga litabwerera pamalo pake ndipo chimanga chitayamba kulowa m'nkhokwe, ndinamva apongozi akuwaza gaga:

"Idyani nkhuku zanga. Mukamuuze mwana wangayo kuti mphasa yake isasunthe, pano ndi pake. Chaka chamawa tidzafuna ina ya mapira. Koma mumuuzenso kuti pansi pa mtengo wa mango pali mthunzi waulere."

Ndinakhala pakhomo limenelo zaka zonsezi, ndipo nkhokwe ndaluka zambiri, zonse panja. Mungaganize kuti ndinaphunzira. Koma mwana wathu woyamba atabadwa ndinakhoma bedi lalikulu la matabwa, ndipo poti kunja kunali mvula, ndinakhomera m'nyumba ya apongozi. ANangozo anangondivula tepi m'khosi, n'kupita nayo kukhomo, kenako n'kutuma uthenga kwa aYusufu.