Kabati ya a Zuze

Amene akuti ine Mbewe sindinagwirepo hamala aimirire pomwepo ndimuone nkhope. Inu a masiku ano wailesi ya kanema mumangoikoloweka pakhoma ngati kalendala, ndiye za kulemera mungadziwe chiyani?

Zaka zija za nkhondo ya ku Mozambiki, anthu akukhamukira kuno kwa Nthache, kunabwera bambo ena, a Zuze, amene kwawo anali kalaliki wa m'sitolo. Anzawo ankathawa ndi miphika ndi mabulangete, iwo anathawa ndi wailesi ya kanema pangolo, chibokosi ngati nkhokwe, moti ng'ombe ziwiri zimene zinakoka ngoloyo zinafika miyendo itafupika, zikuyenda ngati abakha. Ndikanama ndife.

Anaiika patebulo, tebulo linagwada. Anaiika pabedi, bedi linasanduka mphasa. Inatsala kabati imodzi yokha imene anawapatsa a kumpingo, ndipo akazi awo, a Roza, anati: "Ikathyoka imeneyi, bambo, ine ndikupita kwa abale anga. Chibokosi chanucho chizikuphikirani."

A Zuze anafika kwanga thukuta lili kamukamu. "Amisiri, banja langa lili m'manja mwanu."

Ndinanyamula sowo n'kukwera kumapiri a kwa Kanduku, ndinagwetsa mtengo wa tsanya wouma gwa, woti chiswe chinaulawa kamodzi n'kutha mano, ndinachekamo miyendo inayi yonenepa ngati ntchafu za apongozi anga, ndinapingasa matabwa kumbuyo kwa kabatiyo, ndinawirikiza thabwa la pamwamba katatu, ndipo poona kuti misomali ya kusitolo ikupindika ngati udzu ndinatola zitsulo za lole imene inafera pamsewu wa ku Tete, ndinazisongola ndi mano angawa, ndinazikhoma, nkhonya iliyonse ya hamala ikumveka ku Boma mpaka apolisi kuyesa nkhondo yalowa. Mukumva? Poiyesa ndinakwezapo ng'ombe zija zonse ziwiri, pamwamba pake matumba makumi awiri a manachesi, pamwamba penipeni ine. Kabati osati kukhosomola.

Amuna khumi ndi awiri tinakweza wailesi ija. Kabati inapirira, koma dziko ndi limene linalephera. Nthaka inayamba kutitimira, nyumba inapendekeka, mudzi wonse unapendekekera komweko, nkhuku ikaikira kwa aneba dzira linkagubuduka lokha mpaka pakhomo pa a Zuze, ndipo ngakhale malire a dziko anasendera kuno mapazi atatu. Ndinakumba mpaka kupeza thanthwe, ndinatsamiritsa miyendo pomwepo, kabati ndinaikhomerera kukhoma, khoma ndinalimangirira kuphiri. Mudzi unawongoka. Iwe ukusekawe, bambo ako anali pomwepo, ntchito yawo inali kugwira chitseko.

Magetsi kunalibe, komanso nthawi imeneyo Malawi analibe nyumba youlutsira kanema. Koma Lamulungu lililonse anthu ankavala jekete kudzakhala pamkeka, kuyang'ana galasi lakuda lija n'kumaona nkhope zawo zomwe. Ena potuluka ankati filimu ya lero inali bwino kuposa ya sabata yatha. A Roza sanachoke, ndipo banja limenelo ndinalimanga ndine ndi misomali.

Nkhondo itatha, a Zuze akukonzeka kubwerera kwawo, anandiitana kuti tikatsitse katundu wawo. A Roza anati tidikire kaye. Anatenga mpeni, anamasula kumbuyo kwa wailesi ija, n'kutulutsamo mphero, mwanamphero wake, makasu atatu ndi nkhwangwa.

"Munati pangolo pakwera chinthu chimodzi chokha," anawauza amuna awo. "Mawaya anu ndinawasiya pamtengo wa mango kwathu."

Chibokosi chija a Zuze anachinyamula ndi dzanja limodzi. Ndiye inde, zaka zisanu tinkavalira jekete mwala woperera mapira. Koma musandiyang'ane choncho. Pakabati yanga mwalawo sunagwepo.