Tsiku lomwe ndinagwa pambali pa bedi la Rozina

Wodwala anali mwana wanga, koma amene anamutola pansi tsikulo ndi ine.

Rozina, wazaka zisanu, anali ndi chotupa pamchombo, ndipo kuchipatala anati pafunika opareshoni. Tinanyamuka ku Nyachikadza pa bwato, ku Nsanje n'kukwera minibasi yopita kuchipatala chachikulu, ine ndi amake.

M'mawa mwa tsiku la opareshoni kunabwera amayi ena, amene ntchito yawo ndi kugonetsa odwala. Anagwada kuti alingane ndi Rozina, n'kumulankhula m'Chisena mpaka mwana anaseka. Kenako anatisonyeza kapaipi kofewa.

"Akagona timuika aka pakhosi kuti azipuma bwino," anatero. "Ndimasankha kolingana ndi msinkhu wake, ndimakapaka mankhwala oterera, ndipo ndimamupatsa ena oti asatsokomole kwambiri podzuka. Akayamba kupuma yekha ndimakachotsa mwapang'onopang'ono. Koma pakhosi pamakanda ndithu, mwana amatha kulira n'kumaphiriphitha. Apo ndimafuna kholo limodzi, amve mawu odziwika."

"Ndilowa ndine," ndinatero msanga. "Amake ngamantha. Ine mvuu ndimakumana nazo m'Shire."

(Kunena zoona ndinakumanapo ndi imodzi, ili kutali, ine ndili pamtunda.) Amake Rozina anangondiyang'ana.

Opareshoni itatha anandipatsa chovala chobiriwira ndi kachipewa konga thumba la shuga. Ndinamupeza Rozina atagona chammbali, kapaipi atakachotsa kale, mpweya ukumufika ndi kachophimba pamphuno. Amayi aja anali atamugwiriza chibwano ndi zala, maso ali pachifuwa chake, osaphethira.

"Rozina! Dzuka! Ndine baba!" ndinakuwa ngati ndikuitana wabwato kutsidya.

Mwana anadzidzimuka, n'kuyamba kutsokomola, manja akupalasa kukhosi.

"Pang'onopang'ono, bambo. Mugwireni dzanja, munong'oneze."

Iwo anamusisita pamsana, n'kumupukuta malovu. "Pyadidi, mwananga, pyamala," ankatero m'Chisena, kumuuza kuti zili bwino, zatha. Chifuwa chinaleka. Rozina anapuma mozama, n'kukhala phee. Ndinaona ndi maso anga, ndipo mpaka lero manja a amayi aja ndimawapatsa ulemu.

Ndikanangoyang'ana mwanayo bwenzi zonse zili bwino. Koma maso anga anapita pa kambale kachitsulo kamene kanali pambali. Kapaipi kaja kanali momwemo, konyowa.

"Amayi, konseko kanali m'khosi mwa mwanayu?"

"Osati konse, kufika apa basi."

Atangoloza, makutu anga anayamba kulira. Ndinagwira chitsulo cha diripi kuti ndichirikike (kodi ndinadziwa kuti chili ndi mateyala?). Chinanyamuka, ine n'kuchitsatira.

Ndinatsitsimuka ndili pansi chagada, miyendo ili pampando, namwino akundikupiza ndi katoni. Amayi aja sanamusiye mwana ngakhale pang'ono, dzanja lili pa Rozina, phazi latchinga diripi ija.

Pamwamba panga panatuluka kamutu, ndi kamawu kosasa.

"Baba, nanunso akuchitani opareshoni?"

Anawaitana amake kudzandilowa m'malo. Ine anandiperekeza panja ndi kapu ya madzi a shuga. Madzulo Rozina anali akumwa phala, pakhosi pakungokanda pang'ono, pamene ine ndinali ndi nundu kunkhongo ngati dzira la bakha.

Potuluka ndinakawathokoza amayi aja. "Takhuta," ndinatero, zikomo wa m'Chisena, maso ali pansi.

"Mwana wanu ndi wolimba," anayankha. Za ine sananenepo kanthu.

Kumudzi aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti kunatentha kwambiri tsikulo. Vuto ndi lakuti unali mwezi wa Juni, ndipo Rozina amakumbukira kuti ndinavala juzi.